Pepala lomwa madzi: tanthauzo la mawu akuti bibulous ndi kagwiritsidwe ntchito kake pa silaidi

Mabuku a malangizo a mu labotale olembedwa m'Chingerezi, akamaliza kufotokoza kapakidwe ka utoto pa mabakiteriya, amakonda kutsekera ndi mzere wonena kuti muumitse silaidi (kagalasi koikapo chinthu choonera pa maikulosikopu) ndi bibulous paper. Wophunzira akatsegula mtanthauziramawu kuti aone mawuwa, tanthauzo limene amakumana nalo msanga ndi la munthu wokonda mowa. Matanthauzo awiriwa ndi oona onse, ndipo gwero lawo ndi limodzi.

Mawu akuti bibulous anachokera ku Chilatini. Mneni wakuti bibere amatanthauza kumwa, ndipo kuchokera pamenepo panapangidwa mfotokozi wakuti bibulus, wonena za chinthu kapena munthu amene sachedwa kumwa. Aroma ankatha kunena choncho za mchenga umene madzi amangolowa n'kuzimiririka, ankathanso kunena choncho za munthu. Analinso dzina la banja: Marcus Calpurnius Bibulus anali mnzake wa Julius Caesar pa udindo wa consul (mkulu wa boma la Roma) m'chaka cha 59 BC. M'Chingerezi mawuwa anayamba kuoneka cha m'ma 1670, ndipo poyamba ankanena za zinthu zomwa madzi. Tanthauzo la kukonda mowa linadzafala pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1800, ngakhale kuti lero ndi limene limadziwika kwambiri. Mawu akuti imbibe ndi beverage ndi a mtundu womwewo. Akuti Bible ndi bibliography ayi: amenewo anachokera ku Chigiriki ndipo amakhudza mabuku, kufanana kwa zilembo zoyambirirazo kusakunyengeni.

Kuti mudziwe tanthauzo limene wolemba akufuna, yang'anani dzina limene mfotokoziyu waphatikana nalo. Ngati ndi pepala, dothi, mwala, njerwa kapena nsalu, ndiye kuti akunena kumwa madzi. Ngati ndi munthu, phwando, madzulo kapena chakudya chamasana, akunena mowa, ndipo a bibulous lunch ndi nkhomaliro imene mabotolo anachuluka kuposa mbale. Potchula, mphamvu ikani pa phatikizo loyamba, BI-byu-las. Mukafuna kuwagwiritsa ntchito polemba, dziwani kuti ndi mawu a m'mabuku, onunkhira nthabwala pang'ono. Amanena za chidakwa mosekerera, ndiye sayenera m'lipoti la zachipatala kapena pofotokoza munthu amene mowa wamudwalitsa. Sanena za munthu womwa madzi ambiri kapena tiyi. Pa tanthauzo la kumwa madzi, Chingerezi cha tsiku ndi tsiku chimagwiritsa ntchito absorbent, ndipo malo amodzi okha amene bibulous akadali mawu a pantchito ndi mu labotale. Kumeneko ndi kumene nkhani yotsalayi ikupita.

Chimene chimachititsa pepala kumwa

Pepala ndi timaulusi ta cellulose tolukanalukana, tochokera ku thonje kapena ku zamkati za mtengo. Cellulose imakonda madzi, moti dontho likaigwera silikhala ngati kampira koma limayandama n'kulowa. Pakati pa timaulusito pali timipata tambirimbiri topapatiza, ndipo timipata timeneti ndi timene timakoka madzi, monga mmene chingwe cha nyale chimakwezera mafuta kuchokera pansi. Kampata kakachepa, mphamvu yokokera imakula. M'kachubu ka galasi koboola milimita 2 madzi amakwera pafupifupi mamilimita 15, koma m'kachubu kopapatiza kakhumi kuposa pamenepo amakwera pafupifupi masentimita 15. Lamulo limeneli limatchedwa ndi dzina la James Jurin, amene analifotokoza mu 1718.

Pali mbali ina imene anthu amaiwala. Timipata tating'ono timakweza madzi patali koma pang'onopang'ono, pamene tatikulu timamwa mofulumira koma sitiwafikitsa patali ndipo sitichedwa kuwataya mukalifinya. Liwirolo limatsikanso pamene madzi akupita. Edward Washburn anasonyeza mu 1921 kuti madzi akafuna kuyenda mtunda wowirikiza kawiri, amafuna nthawi yowirikiza kanayi. Choncho ngati akwera masentimita 3 m'mphindi imodzi, masentimita 6 adzawafika patatha mphindi 4, osati 2. Tanthauzo lake pa ntchito n'lakuti pepala louma limamwa mwamphamvu m'masekondi oyambirira okha. Kulisiya nthawi yaitali pamalo amodzi sikuthandiza ngati kusunthira pamalo ena ouma.

Nanga pepala lolembapo bwanji silimwa chonchi, pamene nalo ndi cellulose? Opanga amalithira dala mankhwala otchinga madzi, kuti inki ikhale pamwamba osamwazikana. Kale ankagwiritsa ntchito guluu wochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Mu 1807 Moritz Illig wa ku Germany anafalitsa njira yogwiritsa ntchito utomoni wa mitengo ya paini pamodzi ndi mankhwala otchedwa alum, ndipo masiku ano pali mankhwala ena opangidwa m'fakitale. Amalidutsitsanso pakati pa zitsulo zolemera kuti lisalale, zimene zimatseka timipata tija. Pepala la bibulous silithiridwa mankhwala amenewa ndipo silipsinjidwa kwambiri. Lina limene limalisiyanitsa ndi tishu n'lakuti timaulusi take timagwirana bwino, sitithothoka likanyowa.

Kuyesa pepala musanalikhulupirire

Pepala la bibulous limagulitsidwa ngati kabuku, kawirikawiri ka mapepala 50 a masentimita pafupifupi 10 m'lifupi ndi 15 m'litali. Likasowa, kapena mukalandira mtundu umene simunaugwiritsepo ntchito, muli ndi njira zitatu zoliyesera, ndipo zonse sizifuna zida zodula.

Yoyamba ndi ya kukwera kwa madzi, imene m'mafakitale a mapepala amaitcha njira ya Klemm. Dulani timizere ta pepala ta mamilimita 15 m'lifupi ndi masentimita 20 m'litali. Ndi pensulo, osati bolopeni chifukwa inki imayenda ndi madzi, lembani mzere pa mamilimita 15 kuchokera kumunsi. Kolekani kamzereko choimirira, kumunsi mupanireko kawaya kopanira mapepala kuti kasapindike, ndipo muviike mpaka pa mzere wa pensulo m'madzi oyera. Yambitsani wotchi. Pakatha mphindi 10 chongani pamene madzi afika, muyeze ndi rula kuchokera pa mzere uja. Kamzereko kasakhudze m'mbali mwa chikho, chifukwa madzi amakwera ndi galasi n'kukupatsani nambala yabodza. Musayesere pafupi ndi fani kapena pawindo lotsegula, popeza mphepo imaumitsa madzi akukwera ndipo nambala imatsika.

Dulani timizere tina motsata utali wa pepala, tina mopingasa, tisanu mbali iliyonse. Mudzapeza kuti manambala akusiyana. Pepala lopangidwa pa makina timaulusi take tambiri timagona mbali imene makinawo ankayendera, ndipo madzi amathamanga motsata timaulusito. Mukayerekeza mapepala awiri koma lina mwadula motsata, lina mopingasa, mwayerekeza zinthu zosiyana. M'malabotale oyesa mapepala amayamba asiya pepalalo m'chipinda chotentha madigiri 23 ndi chinyezi cha 50 peresenti. Inu simungakwanitse zimenezo mwina, koma mungathe kuyesa mapepala onse tsiku limodzi, m'chipinda chimodzi, ndi madzi amodzi.

Yachiwiri ikuuzani kuchuluka kwa madzi amene pepala lingasunge. Pamafunika sikelo yowerenga mpaka galamu 0.01. Dulani chidutswa cha masentimita 10 mbali zonse, muchiyeze chili chouma. Chimizeni m'madzi masekondi 60, chitulutseni ndi chopanira, chilendewere pakona masekondi ena 60 kuti madzi apamwamba akhe, kenako muchiyezenso. Chotsani kulemera koyamba pa kwachiwiri. Tiyerekeze kuti chouma chinali galamu 1.00 ndipo chonyowa chafika magalamu 3.50. Chamwa magalamu 2.50, kutanthauza kuwirikiza kawiri ndi theka kulemera kwake. Mukachulukitsa 2.50 ndi 100 mupeza magalamu 250 pa sikweya mita, umene ndi muyeso womwe opanga mapepala amalemba. Nthawi yokhetsa madzi ija ikhale yofanana pa chidutswa chilichonse, apo ayi mukhala mukuyeza madontho olendewera osati madzi a m'kati.

Mwina mudzaona pa phukusi la pepala nambala yotchedwa Cobb. Imeneyo imapezeka pothira madzi mamililita 100 pa malo a masikweya sentimita 100, n'kuyeza madzi amene alowa, kawirikawiri pa masekondi 60. Inapangidwira mapepala otchinga madzi monga a makatoni, kumene nambala yotsika ndiyo yofunika. Pa pepala lomwa madzi siithandiza, chifukwa madziwo amangoboola n'kutulukira kunsi.

Yachitatu ndiyo yofunika koposa kwa munthu wa maikulosikopu, ndipo ndi imene ambiri amailumpha. Tengani silaidi yoyera, donthezanipo madzi madontho atatu, muumitse ndi pepala mukuyesalo, kenako muione pa lenzi ya 10x (yokuza chinthu kakhumi) mutachepetsa kuwala. Mukaona timaulusi titamwazikana, kapena mizere ya mafuta, pepalalo lisiyeni ngakhale litapambana mayeso awiri oyamba aja. Tishu yopukutira kumaso imagwa pamenepa, chifukwa mitundu ina imathiridwa mafuta ofewetsa khungu. Ya kuchimbudzi inapangidwa kuti izisungunuka m'madzi, ndiye imasiya zinyenyeswa. Nyuzipepala imasiya inki. Cholowa m'malo chabwino ndi pepala losefera la mu labotale, monga Whatman nambala 1, lomwe limamwa bwino osathothoka. Vuto lake ndi mtengo basi.

Kuumitsa silaidi itapakidwa utoto

Titenge chitsanzo cha kapakidwe ka utoto pa mabakiteriya kotchedwa Gram, kamene Hans Christian Gram wa ku Denmark anafalitsa mu 1884 ndipo mpaka lero ndi koyamba kuphunzitsidwa. Kuumitsa kumabwera kumapeto, koma ngati kudzayende bwino kapena ayi zimadalira zimene munachita poyamba.

Pakani mabakiteriya mopyapyala, moti chopakacho chikauma mutha kuwerenga zilembo za m'buku kudzera pamenepo. Chisiyeni chiume chokha ndi mpweya mpaka kunyezimira konse kutatha. Kenako chimamatizeni ku galasi, podutsitsa silaidi pa lawi kawiri kapena katatu mofulumira mbali yopakayo ili kumwamba, kapena poithira methanol kwa mphindi imodzi. Chopaka chochindikala, kapena chimene mwachidutsitsa pamoto chisanaume, sichigwira galasi. Chimatha kupirira madzi otsukuluzira koma pepala likangochikhudza chimanyamuka, ndipo munthu amadzudzula pepala pamene cholakwa chinachitika mphindi 10 zapitazo.

Utoto wake umayenda motere. Crystal violet mphindi imodzi, kutsukuluza. Ayodini wa Gram mphindi imodzi, kutsukuluza. Ethanol wa 95 peresenti masekondi 10 mpaka 20, kapena kufikira madzi otsika pa silaidi atasiya kuoneka a pepo, ndipo mutsukuluze nthawi yomweyo. Safranin masekondi 30 mpaka 60, kutsukuluza komaliza. Madzi muziwathira cha kumtunda kwa silaidi yopendekeka kuti atsike okha, osawombetsa pa chopakacho.

Tsopano pepala. Imikani silaidi cham'mbali pa pepala lina kwa masekondi angapo kuti madzi ambiri atsikire pamenepo. Sitepe imeneyi ndi yaing'ono koma imachepetsa ntchito ya pepala loumitsira. Pukutani kunsi kwa silaidi, kumene kulibe chopaka, ndipo kumeneko mungapukute mwamphamvu mmene mungafunire popeza utoto wotsalira kunsi umadetsa chithunzi. Musanatero tsimikizani mbali imene kuli chopaka. Ipendekeni pa kuwala, mbali yosanyezimira ndi imeneyo. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba nambala ya silaidi mbali yopakayo musanayambe chilichonse.

Ng'ambani pepala limodzi m'kabuku, mulipinde pakati, muike silaidi m'kati chopakacho chili kumwamba. Tsekani. Ikani zala ziwiri kapena zitatu pamwamba ndi kukanikiza pang'ono, molunjika pansi, masekondi atatu kapena asanu. Mphamvu yake ikhale yongokwanira kuti pepala likhudze galasi paliponse. Madzi akukokedwa ndi timipata tija, osati ndi zala zanu, ndipo silaidi ndi yopyapyala pafupifupi milimita imodzi, imasweka mukaitsamira pa tebulo losasalala. Tsegulani pepala ponyamula molunjika kumwamba, sunthirani silaidi pamalo ouma, bwerezani. Kawiri kapena katatu n'kokwanira. Mukatero isiyeni pa mpweya mphindi imodzi kapena ziwiri.

Musapukute chopakacho. Pepala likatsetsereka pa galasi ngakhale milimita imodzi, timaulusi take timakwecha chopakacho. Kachilombo kamodzi ndi kakakulu pafupifupi maikulomita imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pamene kaulusi ka pepala ndi konenepa kuposa pamenepo kakhumi kapena kupitirira. Zotsatira zake zimaoneka bwino pa maikulosikopu: mizere yoyera yodutsa pakati pa chopaka, mabakiteriya ataunjikana m'mphepete mwa mizereyo, ndi maunyolo oduka. Kwa munthu amene akufuna kusiyanitsa Streptococcus, amene amakhala m'maunyolo, ndi Staphylococcus, amene amakhala m'magulumagulu, kuduka kumeneko kwachotsa chizindikiro chenicheni chimene amachifuna.

Mabuku ena amalangiza kulowetsa silaidi pakati pa masamba a kabuku komweko osang'amba. Ife sitikulimbikitsa zimenezo. Madzi ndi utoto zimaboola mpaka masamba apansi, ndipo wobwera pambuyo panu sadziwa tsamba limene ndi loyera. Kung'amba limodzi n'kulitaya mukamaliza kumatha mapepala msanga, inde, koma mutha kulidula pakati popeza theka limakwana silaidi imodzi ya mamilimita 75 ndi 25.

Chinyezi chotsala ndi vuto lina lofala. Mafuta a lenzi ya 100x amapinda kuwala mofanana ndi galasi, pa muyeso wa 1.515, pamene madzi ali pa 1.33, ndipo ziwirizi sizisakanikirana. Mukadontheza mafuta pa silaidi imene sinaumitsitse, mumapeza timadontho tozungulira tonyezimira ndi chifunga chimene sichichoka ngakhale mutapotokola chotani chowongolera. Osathamangira kuumitsa pa lawi, chifukwa kutentha kumakwinya maselo ndipo utoto umauma n'kusanduka timiyala. Dikirani mphindi ziwiri zija. Timaulusi totsalira natonso timasocheretsa. Timamwa utoto n'kuoneka ngati ulusi wa fangasi kwa amene sanazolowere. Kuti muzindikire, onani kunenepa kwake, nsonga zake zong'ambika, ndi kuti tili pamwamba pa chopaka, moti tikaoneka bwino mabakiteriya amakhala asakuoneka bwino.

Pamene pepalali siliyenera kufika

Pepala lomwa madzi silisankha chomwa. Limatenga madzi, utoto, mafuta, ndi tizilombo timene sitinagwire bwino pa galasi, ndipo likakhudza silaidi ina limatha kusiyako zina mwa zimenezo. Pa silaidi za ophunzira zimenezi zimangosokoneza phunziro. Pa silaidi za makhololo zoyezera chifuwa chachikulu, zopakidwa mwa njira ya Ziehl-Neelsen kapena auramine, zimatha kupangitsa munthu wopanda matendawa kuuzidwa kuti ali nawo, chifukwa tizilombo towerengeka tokha timakwanira kuti zotsatira zilembedwe kuti tapezeka. Malangizo a kayezedwe ka TB amaletsa kuumitsa ndi pepala. Silaidi zimaimikidwa pa choimikira n'kuuma zokha, kutali ndi dzuwa.

Chimodzimodzi magazi oyezera malungo. Dontho lochindikala silimamatizidwa ndi methanol, dala, kuti maselo ofiira asweke pamene utoto wa Giemsa ukulowa. Ndiye limangokhala pa galasi mofooka ndipo pepala lingalichotse lonse. Chopaka chopyapyala cha magazi nachonso chiumitseni choimirira ndi mpweya.

Lenzi ya maikulosikopu isakhudzane ndi pepala la bibulous. Pepalali ndi lokhakhala poyerekeza ndi zokutira zopyapyala za pa lenzi, ndipo mikwingwirima yake siichoka. Lenzi ili ndi pepala lakelake, lopyapyala kwambiri, lomwe nalo silithandiza kuumitsa silaidi popeza silimwa madzi ambiri. Timabuku tiwiriti timafanana kukula ndipo timakonda kukhala m'kabati imodzi, ndiye lembani zilembo zazikulu pachikuto cha kalikonse.

Pepala limene mwagwiritsa ntchito litayeni m'chotayira zinyalala zokhala ndi tizilombo, zimene zimaphikidwa mu autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi) pa madigiri 121 kapena kutenthedwa. Kudutsitsa silaidi pa lawi kumamatiza mabakiteriya koma sikutsimikiza kuti onse afa, makamaka okhala ndi njere zolimba (ma spore, amene mabakiteriya ena amapanga kuti apirire kutentha ndi kuuma). Valani magolovesi, chifukwa crystal violet akalowa pakhungu amatenga masiku kuti achoke.

Ntchito ziwiri zimene pepala limanyowetsa m'malo moumitsa

Popaka utoto njere za mabakiteriya monga Bacillus ndi Clostridium, mwa njira ya Schaeffer ndi Fulton ya mu 1933, pepala lomweli limagwira ntchito yosunga utoto. Dulani kachidutswa kocheperako pang'ono kuposa silaidi, kongokwana kuphimba chopaka chomamatizidwa kale. Kakatulukira m'mphepete kamakokera utoto kunja n'kumadontha, ndipo pafupi ndi moto kamatha kuyaka. Kanyowetseni ndi malachite green, muike silaidi pamwamba pa chikho cha madzi owira kuti nthunzi iziitenthetsa kwa mphindi 5. Nthunziyo ndi imene imalowetsa utoto m'chikopa cholimba cha njere. Maso anu akhale pa pepala nthawi yonseyo. M'mphepete mukayamba kuuma, onjezani madontho. Likauma limamatirira ku chopaka, ndipo polichotsa limanyamula zonse kapena kusiya timiyala tobiriwira tobisa njere zija. Nthawi ikakwana chotsani silaidi pa nthunzi, idikireni izizire, nyamulani pepalalo ndi chopanira molunjika kumwamba, tsukuluzani ndi madzi, pakani safranin kwa masekondi 30 mpaka 60. Njere zimaoneka zobiriwira, maselo ofiirira. Poumitsa tengani pepala latsopano.

Ntchito inayo ndi kulowetsa utoto pansi pa kagalasi kovundikira osakanyamula. Muli ndi chinthu m'dontho la madzi, monga khungu lopyapyala la anyezi, ndipo mwavundikira kale. Ikani dontho limodzi la ayodini kapena methylene blue m'mphepete mwa kagalasiko mbali imodzi, likhudze madzi a pansi. Mbali inayo gunditsani nsonga ya kachidutswa ka pepala kodulidwa mosongoka. Pamene pepala likumwa madzi kuno, utoto ukulowa uko, ndipo mutha kuona mtundu ukuyenda pang'onopang'ono kudutsa pa chinthucho. Chotsani pepala utoto ukangofika mbali yachiwiri. Mukachedwa limamwa madzi ochuluka, mpweya umalowa n'kupanga thovu, ndipo kagalasi kamatsika n'kuphwanya maselo. Kachidutswa kakakulu kamakoka mwamphamvu kwambiri moti tinthu ting'onoting'ono tosambira m'madzimo timakokoloka nako. Pa ntchito imeneyi pepala lomwa pang'onopang'ono ndi labwino kuposa lothamanga.

Inki, masamba ndi kasungidwe

Kunja kwa labotale pepala la mtundu womwewu, lochindikala pang'ono, limaumitsa inki ya cholembera cha nsonga yachitsulo. Lamulo ndi lomwe lija: gonekani, kanikizani kamodzi, nyamulani. Dikirani masekondi angapo inki ilowe kaye m'pepala lolembapo, chifukwa mukafulumira mumachotsa yambiri ndipo zilembo zimatuwa. Kumbukiraninso kuti zimene mwalemba zimatsalira pa pepala loumitsiralo chotembenuka ndipo zimawerengeka pa kalilole, choncho limene mwaumitsira siginecha musalisiye poyera. Oumitsa masamba ndi maluwa a zomera kuti asungidwe amaika chomera pakati pa mapepala omwa madzi n'kupsinja, ndipo masiku oyambirira amasintha mapepalawo tsiku lililonse. Akapanda kutero chinyezi chimabwerera ku chomera, chimada n'kuchita nkhungu. Mapepala amenewa, mosiyana ndi a mu labotale, mutha kuwayanika n'kuwagwiritsanso ntchito.

Cellulose imamwa chinyezi cha mumpweya ngakhale simunaigunditse madzi, ndiye kabuku kosiyidwa pafupi ndi sinki kapena pamwamba pa chikho cha nthunzi kamafooka mphamvu, kamapindika, ndipo kakakhalitsa kamachita madontho a nkhungu amene njere zake zimadzaonekera pa silaidi. Kasungeni m'thumba la pulasitiki lotseka, m'kabati youma, kutali ndi mabotolo a utoto ndi mafuta a lenzi. Gwirani pepala m'mphepete, popeza mafuta a m'zala amatseka timipata ndipo pamalo pamenepo madzi salowa. Mukakayikira kabuku kakale, donthezani dontho limodzi la madzi pa tsamba lapamwamba. Pa pepala labwino limalowa nthawi yomweyo n'kufalikira mozungulira, kapena motalikirapo pang'ono mbali imene timaulusi tagona. Likakhala pamwamba likunyezimira kwa masekondi angapo, ng'ambani masamba awiri kapena atatu apamwamba muyesenso, ndipo ngati sizikusintha tsegulani kabuku kena.